Chiletso cha khoti poyembekezera mlandu: momwe mungachipezere kuno ku Joni

Mlandu wa pakati pa anthu, uja wosakhudza apolisi, umachedwa kuno ku Gauteng. Pofika mu 2025 Khoti Lalikulu la chigawo chino linali litayamba kupereka masiku ozengera milandu a m'chaka cha 2031, mpaka akuluakulu a khotilo analamula kuti okangana aziyamba apita kwa mkhalapakati asanapatsidwe tsiku. Pa zaka zonsezo bakkie imene munagula mosonkherana ndi mnzanu ikhala itagulitsidwa kalekale, ndalama za bungwe la maliro zikhala zitatha, ndipo ana sangadikire chigamulo chothetsa banja kuti adye. N'chifukwa chake malamulo amalola khoti kupereka chiletso chongoyembekezera, choti zinthu ziime pomwe zili mpaka mlandu weniweni uweruzidwe. Pamapepala a khoti kuno chimalembedwa kuti interim interdict, ndipo ndilo dzina loti muzitchula kwa kalaliki kapena kwa loya.

Chiletsochi sichitanthauza kuti mwawina. Jaji amene akuchipereka sakugamula kuti bakkie ndi ya ndani. Akungonena kuti isagulitsidwe, isawoloke Beitbridge, mpaka nkhani imveke. Khomo limeneli ndi lotsekukira aliyense, chifukwa ndime 34 ya malamulo aakulu a South Africa imapereka ufulu wopita kukhoti kwa munthu aliyense, osati nzika zokha.

Yambani mwadziwa chimene mukupempha

Malamulo ongoyembekezera alipo amitundu ingapo, ndipo mukasankha molakwika mutaya masabata omwe mulibe.

Mwaweruka madzulo, mwapeza landilodi wasintha loko pachipinda chanu ku Yeoville kapena ku Turffontein, katundu yense ali m'kati. Apa chofunika si chiletso wamba, koma lamulo lobwezeretsa, lomwe maloya amalitchula mandament van spolie kapena spoliation order. Ndi losavuta kuposa onse, chifukwa mumangoonetsa zinthu ziwiri: kuti chinthucho chinali m'manja mwanu mwamtendere, ndiponso kuti akulandani popanda chilolezo chanu kapena cha khoti. Zoti muli ndi ngongole ya lendi ya miyezi itatu khoti silifunsa kaye. Limayamba lalamula kuti akutsegulireni, za ngongole zidzakambidwe pambuyo mwa njira yake. Ndime 26 ya malamulo aakulu imaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda lamulo la khoti, ndipo lamulo la PIE la mu 1998 limafotokoza ndondomeko yomwe landilodi ayenera kutsata. Koma fulumirani. Amene watulutsidwa n'kukakhala kwa m'bale wake miyezi ingapo ali chete, khoti limatha kuona ngati anavomereza.

Pa nkhani za lendi pali njira ina yaulere: Gauteng Rental Housing Tribunal, yokhazikitsidwa pansi pa lamulo la Rental Housing Act la mu 1999. Ili ndi mphamvu yopereka lamulo lobwezeretsa komanso chiletso. Chofunika kwambiri kudziwa n'chakuti mukangopereka dandaulo lanu kumeneko, landilodi saloledwa kukutulutsani mpaka Tribunal igamule kapena papite miyezi 3, bola inuyo mupitirize kulipira lendi. Akakudulirani magetsi kapena madzi, pitani komweko kaye. Mu 2019, pa mlandu wa Eskom ndi Masinda, khoti la apilo linanena kuti si kudulidwa kwa magetsi kulikonse komwe kungathetsedwe ndi lamulo lobwezeretsa, choncho nkhani ya magetsi ndi yoterera kuposa ya loko.

Mtundu wina ndi woletsa munthu kumwaza kapena kubisa chuma chake kuti mukadzawina musadzapeze kanthu. Uwu ndi wovuta kuupeza. Malinga ndi mlandu wa Knox D'Arcy wa mu 1996, sikokwanira kunena kuti munthuyo akudya ndalama zake mosasamala; muyenera kuonetsa kuti akuzibisa kapena kuzisamutsa n'cholinga choti inu mugwire m'mwamba. Zimasiyana ngati ndalamazo ndi zanu zenizeni ndipo zikudziwika pomwe zili, monga zopereka za mamembala a bungwe la maliro zomwe zili mu akaunti imodzi. Pamenepo mukuteteza chanu, ndipo njira imafupika.

Palinso Anton Piller order, yolola sheriff, munthu wotumidwa ndi khoti kupereka mapepala ndi kukwaniritsa malamulo ake, kulowa pamalo mwadzidzidzi, limodzi ndi loya woima payekha woyang'anira, kukasunga umboni womwe ungawonongedwe. Ndi yodula, ndipo popanda loya musaiyese.

Pa mlandu wothetsa banja, lamulo lake ndi Rule 43 ku Khoti Lalikulu, kapena Rule 58 ku khoti la majisitireti la regional. Mungapemphe zinthu izi pomwe mlandu uli m'kati: ndalama zosamalira inu ndi ana mwezi ndi mwezi, chithandizo cholipirira loya, komwe ana azikhala, ndi masiku oonana nawo. Mumalemba chikalata cholumbira chachifupi, mnzanuyo amakhala ndi masiku 10 a khoti oti ayankhe, kenako nkhani imapita kwa jaji. Masiku a khoti sawerengera Loweruka, Lamlungu ndi maholide. Ku Khoti Lalikulu la Gauteng mbali zonse zimadzazanso fomu youlula chuma, yotchedwa Financial Disclosure Form. Lembani ndalama zenizeni: lendi, fizi, thiransipoti, chakudya, mankhwala, ndi malisiti ake. Kukokomeza kumakutembenukirani, chifukwa jaji akagwira bodza pa chinthu chimodzi amakayikira zonse. Chigamulo cha Rule 43 sichichitidwa apilo, koma zinthu zikasintha kwambiri, monga kuchotsedwa ntchito, mungabwerere kukapempha kuti chisinthidwe.

Ngati pali kumenyedwa kapena kuopsezedwa, musadikire zonsezi. Lamulo la Domestic Violence Act la mu 1998 limalola majisitireti kupereka interim protection order, lamulo lokutetezani longoyembekezera, mwachangu, osalipira kanthu, popanda loya, ngakhale kunja kwa maola a ntchito zinthu zikavuta. Kalaliki wa khoti amakuthandizani kudzaza fomu. Wokuvutitsaniyo akakhala kuti si wapabanja, monga neba kapena mnzanu wakuntchito, lamulo lake ndi Protection from Harassment Act la mu 2011.

Khoti lake ndi liti

Ndime 30 ya Magistrates' Courts Act imapatsa majisitireti mphamvu yopereka chiletso ndi lamulo lobwezeretsa, malinga mtengo wa nkhaniyo usapitirire malire a khotilo. Malire omwe anaikidwa mu 2014 ndi R200 000 ku khoti la district ndi R400 000 ku la regional. Kwa anthu ambiri, makamaka pa nkhani ya chipinda, katundu wa m'nyumba kapena galimoto yakale, kuno ndiye koyenera: ndi kotchipa ndipo ndi kwapafupi. Pitani ku khoti la dera lomwe wodandaulidwayo amakhala kapena kugwira ntchito, kapena komwe nkhani yonse inachitikira. Nkhani zazikulu kuposa apa, ndiponso zambiri zotsutsa zochita za boma, zimapita ku Khoti Lalikulu lomwe lili pa mphambano ya misewu ya Pritchard ndi Von Brandis. Small Claims Court ilibe mphamvu yopereka chiletso, musatayeko nthawi.

Malamulo amalola munthu kudziimira yekha, koma ku Khoti Lalikulu mapepala ake ndi ovuta ndipo nthawi ndi yothina. Ngati ndalama ya loya palibe, yesani Legal Aid South Africa, Wits Law Clinic, ProBono.Org, SERI pa nkhani za nyumba, kapena Lawyers for Human Rights pa nkhani za anthu obwera. Aliyense amene akudzitcha loya, funsani dzina lake ku Legal Practice Council musanamupatse ndalama. Anthu ongoyendayenda pafupi ndi makhoti olonjeza chiletso cha tsiku lomwelo adyera anthu athu ambiri.

Zinthu 4 zomwe jaji amafuna kuona

Pa chiletso wamba pali mafunso anayi, ndipo mapepala anu ayankhe lililonse mwa dzina lake.

Loyamba: kodi muli ndi ufulu wooneka pa chinthucho? Sikuti mutsimikize kotheratu ngati pa mlandu weniweni. Kuyambira pa mlandu wa Webster ndi Mitchell wa mu 1948, womwe unaweruzidwa ku khoti lomweli la Johannesburg, n'zokwanira kuti ufulu wanu ukuoneka, ngakhale pangakhale kachikayiko pang'ono. Jaji amatenga zomwe mwanena inu, n'kuphatikiza ndi zomwe wanena mnzanu zimene simungazikane, n'kudzifunsa ngati mungadzawine. Yankho la mnzanuyo likabweretsa chikayiko chachikulu, chiletso chimakanidwa. Pa bakkie ija, umboni ndi sitetimenti ya kubanki yoonetsa R45 000 yomwe munatumiza, mauthenga a pa WhatsApp omwe munagwirizana kuti mugawana phindu, ndi munthu amene analipo pogula. Dzina lolembedwa pamapepala a galimoto ndi umboni wamphamvu, koma si umboni wokhawo wa umwini.

Lachiwiri: kodi chiletso chikapanda kuperekedwa, muwonongekeredwa mosabwezeka? Mantha a mumtima sakwanira, pafunike chooneka. Chithunzi cha bakkie ili pa Facebook Marketplace ndi mtengo wake, uthenga woti "Lachisanu ndikupita nayo kumudzi", sitetimenti yoonetsa kuti msungichuma watapa ndalama katatu sabata imodzi popanda maliro: izi ndi zomwe zimamveka. Pamene mukufuna kubwezeredwa chinthu chanuchanu, malamulo amatenga kale kuti kutayika kwake ndi chiwonongeko chosabwezeka, ndipo mtolo wosonyeza kuti sizili choncho umakhala kwa mnzanuyo.

Lachitatu ndi lomwe ambiri amalinyalanyaza: ndani avutike kwambiri, inu chiletso chikakanidwa, kapena mnzanuyo chikaperekedwa? Apa m'pofunika nzeru. Mukapempha kuti bakkie itsekeredwe pagalaja zaka ziwiri pomwe mnzanuyo amadyera momwemo, jaji adzazengereza. Mukapempha kuti ipitirize kugwira ntchito m'Gauteng momwemuno koma isagulitsidwe, isapinyolitsidwe, isatuluke m'dziko, mwamupeputsira ntchito. Pa ndalama, pemphani kuti zisungidwe mu trust account ya loya, akaunti yomwe amasungiramo ndalama za anthu ena, mpaka mlandu uthe. Umboni wa ufulu wanu ukakhala wamphamvu, funso ili limachepa mphamvu; ukakhala wofooka, limalemera. Jaji athanso kukuuzani kuti mulonjeze kudzalipira zomwe mnzanuyo angataye zikadzapezeka kuti chiletso sichinali choyenera, choncho lingalirani zimenezo musanasaine.

Lachinayi: palibe njira ina yokwanira? Ngati kudzalipidwa ndalama pamapeto kungakonze zonse, ndipo mnzanuyo ali nazo zolipira, khoti lidzati dikirani mlandu. Fotokozani chifukwa chake sizingatheke, mwachitsanzo kuti munthuyo alibe katundu wina kuno ndipo akakawoloka malire simudzamupezanso.

Mukamaletsa boma, mpanda wake ndi wautali. Pa mlandu wa OUTA wa mu 2012, uja wa ma e-toll, Khoti la Malamulo Aakulu linanena kuti kuimitsa boma pa ntchito yomwe malamulo alipatsa kuzichitika pokhapokha nkhani ili yoonekeratu. Komanso lamulo la General Law Amendment Act la mu 1955 limafuna kuti boma lidziwitsidwe chiletso chotere chisanaperekedwe. Zimenezi zimakhudza mabanja omwe m'bale wawo ali ku Lindela, malo a ku Krugersdorp osungirako anthu oyembekezera kuthamangitsidwa m'dziko, ndipo akufuna kuimitsa kuthamangitsidwa kwake pomwe nkhani ya mapepala ikuunikidwa. Pezani loya tsiku lomwelo, osati mutamva kuti basi yakonzedwa.

Changu: apa ndi pomwe ambiri amagwera

Tsiku lomwe mwamva za vutolo, lembani kalata kwa mnzanuyo, ngakhale pa WhatsApp kapena imelo, yomupempha kuti alonjeze polemba kuti sagulitsa, sasamutsa kapena satapa, ndipo mumupatse nthawi yeniyeni, monga mawa 12 koloko masana. Akalonjeza, mwapulumutsa ndalama za khoti. Akakana kapena kukhala chete, kalatayo ndi umboni woti munayesa. Pokhapokha ngati kumuchenjeza kungamuthamangitse ndiye musalembe.

Ku Khoti Lalikulu pempho lachangu limayendera Rule 6(12). Muyenera kulemba momveka zinthu ziwiri: chomwe chikupangitsa nkhani kukhala yachangu, ndi chifukwa chake simungadzathandizike mokwanira mukadikira nthawi yamasiku onse. Ku Johannesburg chizolowezi chake n'chakuti milandu yachangu imaitanidwa Lachiwiri 10 koloko m'mawa, ndipo mapepala onse akhale atalowa pofika Lachinayi la sabata yapitayo, 12 koloko masana. Masiku ano amalowetsedwa pa intaneti kudzera pa Court Online. Kufuna kumvedwa tsiku lina, usiku kapena Loweruka n'kotheka kudzera kwa kalaliki wa jaji amene ali pa ntchito sabata imeneyo, koma muyenera kufotokoza chifukwa chake Lachiwiri lili kutali. Mlandu wa Luna Meubel wa mu 1977 unakhazikitsa mfundo yoti kufupikitsa nthawi kuzilingana ndi kukula kwa changucho. Musapatse mnzanu maola awiri oyankhira pa nkhani yomwe ikanadikira masiku asanu.

Cholakwika chachikulu ndi kuchedwa kwa mwini dandaulo. Munamva mu Marichi kuti bakkie ikutsatsidwa, munayesa kwa abusa, kwa akuluakulu a kwanu, kwa achibale kumudzi, n'kufika kukhoti mu Juni mukunena kuti ndi zachangu. Jaji adzati changucho mwachipanga nokha, n'kuchotsa mlandu pamndandanda, nthawi zambiri n'kukulamulani kulipira loya wa mnzanuyo. Kukambirana pachibale n'kwabwino ndipo makhoti amakulemekeza, koma kukhale ndi malire a masiku, ndipo tsiku lililonse lomwe munayesa lilembedwe mu afidaviti, chikalata chanu cholumbira.

Kulemba mapepala

Pamafunika zikalata zitatu. Choyamba ndi notice of motion, yonena zomwe mukupempha, tsiku lomvedwa ndi nthawi yomwe mnzanu ayankhire. Nthawi zambiri imagawidwa pawiri: Part A ndi chiletso chachangu, Part B ndi nkhani yeniyeni yodzamvedwa pambuyo. Chachiwiri ndi afidaviti yanu, chikalata cholumbira. Chachitatu ndi draft order, mawu omwe mukufuna jaji asaine.

Pempho lotere limaweruzidwa pa mapepala. Simudzaima m'bokosi kufotokoza, ndiye chomwe simunalembe kulibe. Afidaviti yoyamba ikhale ndi nkhani yonse, chifukwa yachiwiri, yoyankha zomwe mnzanu wanena, siloledwa kubweretsa mlandu watsopano. Lembani m'ndime zokhala ndi manambala, motsatira masiku: ndinu ndani, mnzanuyo ndi ndani ndipo amakhala kuti, munagwirizana chiyani, chinachitika n'chiyani, liti, kenako mafunso anayi aja ndi za changu. Umboni uliwonse muupatse chizindikiro, monga A1, A2, ndipo muutchule m'ndime yake. Zomwe munangomva kwa wina, mwiniwakeyo alembe afidaviti yake yaifupi yotsimikiza.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimagwetsa ife ochokera kunja. Mauthenga olembedwa m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka sangangoperekedwa choncho. Ku Khoti Lalikulu, Rule 60 imafuna kuti chikalata cha m'chilankhulo chomwe si cha boma la kuno chibwere ndi kumasulira kotsimikizidwa ndi womasulira wolumbiritsidwa. Yambani kumufunafuna tsiku loyamba. Chinanso, mboni ikakhala ku Malawi, afidaviti yake iyenera kutsimikizidwa mwalamulo, ndipo njira imodzi ndi kukasainira ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe.

Kulumbira kumachitika pamaso pa commissioner of oaths, kupolisi kwaulere kapena kwa loya wina, osati wanu amene akuyendetsa mlanduwo. Musasaine kunyumba. Mumasainira pamaso pake, ndipo inu ndi iye mumaika zilembo zoyamba za maina anu patsamba lililonse. Ngati Chingerezi chimakuvutani, wina akuwerengereni m'Chichewa mzere ndi mzere musanasaine, chifukwa kunama polumbira ndi mlandu wa upandu, ndipo amene adzayankhe ndi inu, osati amene analemba.

Draft order ikhale yoti sheriff, banki kapena mlonda wa pageti aiwerenge n'kudziwa chochita. "Asasokoneze katundu wanga" sikuthandiza. Lembani mtundu wa galimoto, nambala yake, nambala ya chasisi (VIN), komwe ili, ndi zomwe zaletsedwa. Ngati ndi akaunti, tchulani banki ndi nambala, ndipo bankiyo ikhale m'gulu la odandaulidwa kuti lamulo liimange. Muikemonso mawu olola apolisi kuthandiza sheriff pakafunika, chifukwa popanda mawuwo apolisi amakonda kunena kuti za pakati pa anthu sizikuwakhudza.

Kumudziwitsa mnzanuyo, kapena ayi

Mwa nthawi zonse mapepala amaperekedwa kwa wodandaulidwa kudzera kwa sheriff wa dera lake, amene mumamulipira. Pa nkhani yachangu jaji amatha kuvomereza imelo kapena WhatsApp, bola muonetse umboni woti zinafika.

Kupita kwa jaji mnzanuyo osadziwa, komwe amati ex parte, kumaloledwa pokhapokha kumudziwitsa kungawononge cholinga chonse, monga ngati ndalama zingasamutsidwe pa foni m'mphindi imodzi. Koma mtengo wake ndi waukulu: muyenera kuulula zonse, ngakhale zokuipirani. Ngati munalandirapo kale R10 000 kuchokera kwa iye, nenani. Ngati pali uthenga womwe munalemba mutapsa mtima woti "itenge bakkie yakoyo", uikeni ndipo muufotokoze. Kuyambira pa mlandu wa Schlesinger wa mu 1979, khoti lili ndi mphamvu yofafaniza lamulo lomwe linapezedwa mobisa mfundo yofunika, ngakhale kubisako kusakhale kwadala, ndiponso ngakhale nkhani yanu ikanapambana mukananena zonse.

Mwapatsidwa: ntchito sinathe

Tengani lamulolo litadindidwa, mulipereke kwa sheriff tsiku lomwelo, ndipo musunge chikalata chake chosonyeza kuti wapereka, chotchedwa return of service. Tumizaninso kope ku banki kapena kwa aliyense amene watchulidwamo. Protection order nayonso imayamba kugwira ntchito wodandaulidwayo akadziwitsidwa.

Kenako werengani masiku omwe alembedwamo. Lamulo loperekedwa mnzanu kulibe limabwera ngati rule nisi, lokhala ndi tsiku lobwerera kukhoti, pomwe iye amadzanena chifukwa chake lisapitirire. Mukapanda kufika tsikulo, kapena mlandu ukaimitsidwa osapempha kuti rule nisi italikitsidwe, chiletso chimafa chokha, ndipo mawa lake bakkie itha kugulitsidwa. Nthawi zambiri lamulolo limanenanso kuti muyambe mlandu weniweni pasanathe masiku akutiakuti, mwachitsanzo 30. Tsikulo likadutsa chisamani chisanatuluke, chiletso chimathanso. Lembani masiku awiriwa pakhoma, ndipo mufunse loya wanu sabata imodzi tsiku lisanakwane.

Chiletso chikagwera inu

Sheriff akafika ndi lamulo, limvereni kaye ngakhale mukuona kuti ndi labodza. Lamulo la khoti limamanga mpaka khoti lomwelo kapena lapamwamba lilichotse. Kupempha apilo sikuliimitsa: ndime 18 ya Superior Courts Act ya mu 2013 imati lamulo longoyembekezera limapitirira kugwira ntchito pomwe apilo ikupemphedwa, pokhapokha khoti litanena zina. Njira zachangu zilipo ziwiri. Ngati linaperekedwa inu osadziwitsidwa, Rule 6(8) imakulolani kukokera tsiku lobwerera pafupi, mutadziwitsa mbali inayo maola 24. Ndipo Rule 6(12)(c) imakulolani kupempha kuti lamulo lachangu lomwe linaperekedwa inu kulibe liunikidwenso. Yankhani ndime iliyonse ya afidaviti yawo, chifukwa chomwe simunachikane chimatengedwa ngati mwavomera.

A lendi asamale ndi chisamani cha ngongole ya lendi. Ndime 31 ya Magistrates' Courts Act imalola landilodi kuikamo chidziwitso choletsa kuchotsa katundu m'nyumba mpaka khoti ligamule, ndipo chidziwitsocho chimagwira ntchito ngati chiletso. Kusamutsa firiji ndi bedi usiku mutachilandira ndi kuphwanya lamulo. Komabe landilodi payekha alibe mphamvu yolanda kapena kugulitsa katundu wanu. Zimenezo ndi za sheriff, khoti litalamula.

Kwa amalonda ndi eni mathiraki omwe amakhala ku Malawi n'kumangobwera kudzapikula: munthu wokhala kuno amene akuti muli naye ngongole atha kupempha Khoti Lalikulu kuti ligwire katundu wanu ali m'dziko muno, kuti khotilo likhale ndi mphamvu yozenga mlanduwo. Nanunso mukasumira munthu kuno muli wokhala kunja, atha kupempha kuti muyambe mwaika chikole cha ndalama za mlandu. Koma kumanga munthu chifukwa cha ngongole pongoopa kuti athawira kwawo kunathetsedwa: khoti la apilo linakana kumanga mlendo pofuna mphamvu yozengera mlandu mu 2007, ndipo mu 2010, pa mlandu wa Malachi, Khoti la Malamulo Aakulu linathetsa kumanga wangongole woganiziridwa kuti athawa. Wokuopsezani kuti akumangitsani pa Park Station chifukwa cha ngongole wamba akunena zomwe malamulo salola.

Akachiphwanya

Musabwezere ndi manja anu. Sonkhanitsani umboni, zithunzi, masiku, mboni, n'kubwerera kukhoti ndi pempho loti wanyoza khoti. Malinga ndi mlandu wa Fakie wa mu 2006, muonetse kuti lamulo lilipo, kuti analandira kapena akulidziwa, ndiponso kuti sanalitsate. Zikatero zimatsalira iye kupereka umboni woti sanachite dala kapena ndi mtima woipa. Chilango chitha kukhala faindi kapena ndende, kawirikawiri choimikidwa kaye kuti apatsidwe mpata womvera. Lamulo longolipira ngongole silikakamizidwa mwa njira imeneyi, limadzera kwa sheriff kukagwira katundu, koma la ndalama zosamalira ana ndi mkazi kapena mwamuna, monga la Rule 43, wolinyoza atha kumangidwa. Pa protection order njira ndi yaifupi: khoti limapereka chikalata chomangira pamodzi ndi lamulolo, ndipo akaliphwanya mumapita nacho kupolisi ndi afidaviti yofotokoza zomwe wachita.

Milandu yambiri imathera pa kukambirana chiletso chikangotuluka, chifukwa amene amathamangira kugulitsa waona kuti njira yatsekeka. Mukagwirizana, musangogwirana chanza pamaso pa akuluakulu n'kusiya chiletso chife. Lembani mgwirizanowo, wonena ndalama zingati, zilipidwa liti ndiponso galimoto ikhala ndi ndani kufikira tsikulo, musaine nonse, ndipo mupemphe jaji kapena majisitireti kuti ausandutse lamulo la khoti. Mukatero, mnzanuyo akadzabwerera m'mbuyo mudzapita kwa sheriff ndi lamulo lomwe lilipo kale, osayambanso mlandu watsopano.